Kuphwa, kuphwetsa ndi kuphwisa: mawu oyenera pa tayala ndi ati?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chinyanja pa sukulu ina m'boma la Chipata, njira yopita ku Chadiza. Mwana wina wa giredi 8 analemba m'chimangirizo kuti, "Amalume anaphwisa tayala la njinga kuti amate chubu." Nditawerenga mokweza, kalasi yonse inafa nako kuseka, ndipo mwanayo anachita manyazi kwambiri. Tsopano ena akuti mawu ake ndi kuphwesa, ena akuti kuphwetsa, ena akuti tizingoti kuchotsa mphepo. Oyenera ndi ati? Funso lina ndi la mlamu wanga amene amayendetsa minibasi pakati pa Chipata ndi Katete. Iye amati mu Okutobala akafika pa Katete amachepetsako mpweya m'matayala kuti asaphulike ndi kutentha. Kodi akuchita bwino?

Yankho: Aphunzitsi, mawu amene mwanayo ankafuna ndi kuphwetsa. "Amalume anaphwetsa tayala la njinga kuti amate chubu." Chiganizo chonsecho chinali bwino, ndipo mwanayo anadziwa kuti chubu sachimata chili ndi mpweya. Analakwitsa malembo awiri okha, ndipo pali chifukwa chomveka chimene anapunthwira pamenepo.

Kuphwetsa kumachokera ku mneni kuphwa. Tayala limaphwa lokha, koma munthu amaliphwetsa. Ndi msintho wochititsa womwewo umene ana amaudziwa kale pa kugwa ndi kugwetsa, kumwa ndi kumwetsa, kudya ndi kudyetsa, kutha ndi kuthetsa. Taonani kuti aneni onsewa ali ndi tsinde la phatikizo limodzi: -gwa, -mwa, -dya, -tha, -phwa. Aneni otere amatenga -ets- nthawi zonse, satenga -its-. Aneni aatali ndiwo amayang'ana lembo la liwu limene lili m'tsinde. Likakhala a, i kapena u timamva -its-, monga kugula ndi kugulitsa, kulima ndi kulimitsa. Likakhala e kapena o timamva -ets-, monga kuseka ndi kuseketsa, kupopa ndi kupopetsa. Choncho palibe njira imene kuphwa kungaberekere "kuphwitsa". Mwana akagwira lamulo limeneli sadzasokonezanso, chifukwa palibe mwana wa Chinyanja amene anganene kuti "ndagwitsa mbale".

Nanga kuphwesa? Amenewo ndi mawu omwewo a kuphwetsa, kungoti atchulidwa mmene anthu ambiri amayankhulira m'tauni. Chinyanja cha ku Lusaka, chimene chafalanso pa Kapata ndi m'misika yonse ya Chipata, chimafewetsa ts kukhala s ndi dz kukhala z. Ndiye mumamva kusuka mbale m'malo mwa kutsuka, kudyesa mwana m'malo mwa kudyetsa, zina m'malo mwa dzina. Womata matayala akati "niphweseko pang'ono" sanalakwe chilichonse, ndipo aliyense wamumva. Vuto limabwera polemba. Mukachotsa t, pakati pa kuphwesa ndi kuphwisa pamatsala lembo limodzi lokha, e ndi i, ndipo mwana amene anangomva mawuwo pamsewu osawaonapo pa pepala akhoza kutenga lililonse. Ichi n'chifukwa chake ife timalimbikira kuti m'kalasi t ameneyo azilembedwa ndiponso azimveka. Sikunyoza kayankhulidwe ka m'tauni ayi. T ameneyo ndiye mpanda umene ukulekanitsa mawu awiri amene sayenera kukumana.

Kuphwisa ndi kutulutsa mpweya wa m'mimba kudzera kumbuyo. Ndi mneni wosayambukira: munthu amangophwisa, saphwisa chinthu. Kuphwetsa ndi mneni woyambukira, amafuna pamtherankhani, chinthu chimene chaphwetsedwacho. Apa pali poyesera posavuta pa bolodi. Funsani kuti "chiyani?" Amalume anaphwetsa chiyani? Tayala. Funsolo likapeza yankho, mawu ake ndi a e. Ndipo chonde, pomukonza mwanayo muuzeni poyera, anzake akumva, kuti ganizo lake linali lolondola. Mwana amene wasekedwa chifukwa cha mawu a chinenero chake amayamba kuthawira ku Chingelezi, kenako mumadzamupeza akulemba mawu achilendo pamene Chinyanja chili ndi ake abwinobwino.

Tsopano tanthauzo lenileni, chifukwa apa ndi pamene ngakhale akuluakulu amaterereka. Anthu ambiri mukawafunsa amati kuphwa ndi kutuluka kwa mpweya. Zoona zake, mneni ameneyu sakunena za mpweya. Akunena za chinthu chimene chinali chodzaza, chotupa kapena chokwera, ndipo tsopano chatsika. Mpweya wangolowamo chifukwa matayala, mipira ndi zibaluni zinabwera zitaupeza kale mneniyu akugwira ntchito zina.

Ntchito yake yakale ndi ya madzi. Mvula ikasiya mu Epulo, madzi a m'madambo amayamba kuphwa, ndipo alimi a madimba amatsatira m'mbuyo mwake ndi makasu, kubzala repu, tomato ndi chimanga chachiwisi pamene chinyezi chatsalira. Luangwa, imene mu Febuluwale imadzaza mpaka kusefukira, pofika Okutobala imakhala itaphwa, mchenga uli poyera ndipo mvuu zitaunjikana m'maiwe otsala. Chitsime chimaphwa. Amene amawerenga Baibulo la Chinyanja mawuwa amawadziwa pa nkhani ya Nowa, pamene madzi a chigumula anaphwa. Taonani kuti kuphwa sikufanana ndi kuuma. Madzi akaphwa m'dambo pamatsala matope, ndipo ng'ombe ikhoza kutitimira. Nthaka imauma pambuyo pake. Chovala cha pa chingwe chimauma, sichiphwa, chifukwa sichinali chodzaza. Kukhitchini kuli kuphwerera: nyemba zikakhala pamoto mpaka msuzi wonse kutha, mayi amati zaphwerera, ndipo mukachedwa kuthira madzi ziyamba kupserera.

Ntchito yachiwiri ndi ya thupi. Phazi limene linatupa munthu atabinya limaphwa. Tsaya la wolumidwa ndi mavu limaphwa. Mimba ya amene anadzimbidwa imaphwa. Mankhwala kapena nsalu yonyowa ndi madzi ozizira imaphwetsa chotupa. Pano ndiyikepo chenjezo limodzi, popeza mawuwa anthu amawagwiritsa ntchito mopepuka: mayi woyembekezera akatupa nkhope ndi manja, kapena mwana wamng'ono akatupa mapazi onse awiri, kumeneko si kutupa kodikira kuti kuphwe kokha kapena kothowa kunyumba. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuchoka pa thupi mawuwa amalowa mumtima. Timati mkwiyo wake waphwa, kapena dikirani mtima uyambe waphwa ndiye mukambirane. Ankhoswe odziwa ntchito yawo amayamba aphwetsa ukali wa mbali zonse ziwiri asanafunse kuti walakwa ndani. Chithunzi chake n'chomwecho, chinthu chimene chinafufuma chikubwerera m'malo mwake. Mpake kuti sitinena kuti chisoni chaphwa kapena njala yaphwa. Zimenezo sitiziona ngati zotupa.

Mukagwira tanthauzo limeneli, mudziwa nokha malo amene kuphwetsa sikulowa. Galimoto ya dizilo ikatha mafuta n'kuyamwa mpweya m'mapaipi, makanika amamasula kanati ka pa fyuluta n'kupopa ndi dzanja mpaka dizilo atuluke wopanda thovu. Pamenepo wachotsa mpweya, sanaphwetse chilichonse, chifukwa paipi yachitsulo sitsika. N'chimodzimodzi pochotsa mpweya m'mabuleki. Botolo la gasi wophikira limatha, siliphwa. Munthu popuma amakoka mpweya ndi kuutulutsa, akatopa ndi nkhawa amausa moyo, akakhuta amageya, pamoto amauzira. Onsewa ndi mawu a mpweya wotuluka, koma palibe limodzi limene lingalowe m'malo mwa linzake. Kuphwetsa kumafuna chinthu chofewa chimene mpweya unachiimika, ndipo mpweyawo ukachoka maso aone kuti chagwa.

Pachifukwa chomwecho, chimene timaphwetsa ndi tayala, osati mpweya. Mudzamva ena akuti "phwetsa mpweya" kapena "laphwa mpweya". Zimamveka ndithu, koma polemba bwino mawu oti mpweya ndi katundu wosafunika pamenepo. Nenani kuti phwetsani tayala, kapena tulutsani mpweya m'tayala. Pa njira yachiwiriyi musasiye "m'tayala". Munthu akaima pagulu n'kunena kuti "ndatulutsa mpweya" osatchula malo, wabwerera ku vuto la mwana wanu uja, chifukwa mawu amenewo, pamodzi ndi kuipitsa mpweya, ndiwo amene anthu amanena mwaulemu pothawa kutchula kuphwisa. Za kuchotsa mphepo, ambiri kuno amaterodi, ndipo pa malo omatira palibe angakufunseni. M'chimangirizo ndi bwino kusiyanitsa. Mphepo ndi imene imaomba panja n'kusasula madenga. Zimene zatsekeredwa m'chubu ndi mpweya.

Kuphwa sikufanananso ndi kubooka kapena kuphulika, ndipo kusiyana kwake kumakhudza ndalama za m'thumba. Kubooka ndi chifukwa, kuphwa ndi zotsatira. Tayala likhoza kuphwa lisanabooke paliponse, ndipo tayala lopanda chubu likhoza kubooka ndi msomali n'kuyenda nawo masiku angapo lisanaphwe, chifukwa msomaliwo watseka bowo lake. Kuphulika ndi kung'ambika kwa kamodzi ndi phokoso, phuu, ndipo kawirikawiri chubu chotere sichimatika. Womata wodziwa amamvetsera mmene mwini njinga wanenera. Akamva kuti "laphwa", amadziwa kuti pakali pano lili pansi basi. Akamva kuti "likuphwa", ndiye kuti mpweya ukuthawa pang'onopang'ono ndipo bowo n'laling'ono. Akamva kuti "limaphwa usiku uliwonse, m'mawa ndimapopa", asanachotse wilo amayamba wayang'ana valavu. Amadontheza malovu pakamwa pa valavuyo, ndipo akaona kathovu kakutukumuka, wapeza wakuba. Akamva kuti "laphwanso pamene munamata dzulo", amadziwa kuti mwina minga inatsalira m'tayala kapena chigamba sichinagwire.

Timawu tiwiri tating'ono, -ko ndi -ratu, ndito tofunika kwambiri pa ntchito. Kuphwetsako ndi kuchepetsa pang'ono. Kuphwetseratu ndi kutulutsa wonse. Wophunzira ntchito amene sanasiyanitse mawu awiriwa amaononga machubu, ndipo pa matayala a malole akhoza kutaya moyo.

Kaphwetsedwe kake kamadalira mtundu wa valavu, ndipo m'misewu ya Chipata, tauni yodziwika ndi njinga kuyambira masiku a fakitale ya Luangwa Industries, mitundu yake ilipo itatu. Njinga zakuda zonyamula makala ndi matumba a chimanga zambiri zili ndi valavu ya Dunlop. Ili ndi kachitsulo kolowa mkati kovekedwa kamphira kakang'ono ngati kapaipi, ndipo kachitsuloko kamagwiridwa ndi nati ya pamwamba. Pophwetsa, masulani natiyo pang'onopang'ono chala chili pamwamba pa kachitsuloko, chifukwa mukamasula msanga mpweya umakaponya kutali ndipo mumchenga simukapezanso. Kamphira kaja ndiko kamatseka mpweya. Kamafa ndi kutentha, kamachita ming'alu kapena kumatirira, ndipo njinga zambiri zimene amati "zimaphwa zokha" vuto lake ndi limeneli. Kusintha kwake n'kosavuta: dulani kamphira katsopano pafupifupi masentimita 2, nyowetsani kachitsulo ndi malovu, kavekeni mpaka kaphimbe kabowo ka m'mbali ndi kukwera paphewa pake.

Magalimoto, njinga zamoto ndi njinga zambiri za matayala onenepa zili ndi valavu ya Schrader, yonenepa, yokhala ndi kamsomali pakati. Kuphwetsako ndi kungodina kamsomaliko ndi nsonga ya kiyi, masekondi awiri kapena atatu, n'kupima, n'kudinanso. Kuphwetseratu ndi kumasula mtima wa valavuyo ndi kachitsulo kokhala ndi mpata kunsonga, n'kuuchotsa wonse. Valavu yachitatu, ya Presta, ndi yopyapyala, imapezeka pa njinga za mpikisano. Mumamasula kanati kakang'ono ka kunsonga n'kukadina. Musakapinde, kamathyoka msanga.

Pomata chubu, kupopa ndi kuphwetsa zimasinthana, ndipo dongosolo lake likasokonezeka chigamba sichigwira. Phwetseratu tayala musanalowetse zitsulo zochotsera, apo ayi chitsulo chimatsina chubu n'kuboola pena. Mukatulutsa chubu, chipopeni pang'ono, chimizeni m'beseni la madzi gawo ndi gawo mpaka muone mzere wa timathovu. Ikani chizindikiro, kenako chiphwetsereninso. Chigamba chomatidwa pa chubu chofufuma chimakwinyika chubucho chikabwerera, ndipo mpweya umene ukutuluka pabowo umatsegula kanjira pansi pa guluu. Pukutani mpaka paume, palani ndi sandipepa malo okulirapo kuposa chigamba, pakani guluu wochepa kwambiri, dikirani mphindi 3 mpaka 5 kuti asiye kunyezimira, ndiye dindani chigamba mwamphamvu kuchokera pakati kupita m'mbali. Kumata guluu akadali wamadzi ndiko kulakwitsa kofala kuposa kwina kulikonse. Musanabwezere chubu, yendetsani zala mosamala mkati mwa tayala monse kufuna minga kapena kagalasi. Pobwezera, chubu chikhale ndi mpweya pang'ono chabe kuti chisapindike.

Malo a bowo amanena chimene chinachitika. Bowo la kunja, mbali yoponda pansi, ndi minga kapena msomali. Bowo la mkati, mbali ya limu, ndi sipoko imene yatulukira chifukwa lamba wophimba masipoko wasuntha kapena watha. Timabowo tiwiri toyandikana, tonga mano a njoka, tikutanthauza kuti tayala linali lophwa kale, ndipo pogunda mwala chubu chinapanikizika pakati pa limu ndi mwalawo. Kung'ambika patsinde pa valavu nakonso kumabwera chifukwa choyenda ndi tayala lofewa, limene limatsetsereka pa limu n'kukoka chubu. Ndiye wonyamula matumba awiri a makilogalamu 50 asaganize kuti kuphwetsako kuteteza chubu. Katundu akachuluka, mpweya uyenera kuchulukanso, kufikira malire amene alembedwa m'mbali mwa tayala.

Pa malole akale okhala ndi malimu a zidutswa, aja ali ndi mkombero wachitsulo wotsekera, mawu ndi amodzi okha: kuphwetseratu, mtima wa valavu utachotsedwa, munthu asanakhudze nati iliyonse ya wilo kapena mkomberowo. Matayala a malole amanyamula mpweya wofika 7 kapena 8 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala), ndipo mkombero ukafwamphuka ndi mphamvu imeneyo umapha. Mukachotsa mtima wa valavu, pisani kawaya kuti mutsimikize kuti dothi silinatseke njira n'kukunamizani kuti mpweya watha. Popopanso, wilo likhale m'khola lachitsulo ndipo munthu aime pambali, osati kutsogolo kwa mkombero.

Tibwere kwa alamu anu. Zimene akuchita pa Katete n'zoopsa, ndipo aleke. Maganizo awo ali ndi poyambira poona: mpweya ukatentha umafuna malo ambiri, choncho tayala limene layenda makilomita oposa 80 pa tala wotentha likapimidwa limaonetsa nambala yokwera, kawirikawiri ndi 0.2 kapena 0.3 bar kuposa m'mawa. Koma opanga matayala anawerengera kale kukwera kumeneko. Nambala imene analemba pa kachikwangwani ka pakhomo la dalaivala kapena m'buku la galimoto ndi ya tayala lozizira, ndiye kuti galimoto itaima maola atatu kapena itayenda makilomita osapitirira awiri kapena atatu. Mukaphwetsako tayala lotentha kuti lifike pa nambala imeneyo, likazizira usiku limatsika kupitirira, ndipo mawa lake minibasi imanyamuka ndi matayala ofewa, anthu ndi katundu atadzaza.

Chimene chimaphulitsa matayala pa Great East Road, msewu umene alamu anu amayendamo, nthawi yotentha kawirikawiri si mpweya wochuluka, koma wochepa. Tayala lofewa limapindika m'mbali pa kuzungulira kulikonse. Tengani waya muupinde uku ndi uku kambirimbiri, muona kuti ukutentha mpaka kuduka. M'mbali mwa tayala mumachitika zomwezo. Mphira umatentha, umalekana ndi nsalu ndi mawaya a mkati, ndipo tsiku lina pa liwiro lalikulu tayala limasweka. Dalaivala amati laphulika ndi dzuwa, n'kuonjezera kuphwetsa, osadziwa kuti akudyetsa vuto lomwelo. Tayala lofewa limadyanso mafuta ambiri ndipo limatha m'mphepete monse muwiri pakati pali bwino. Alamu anu akayang'ane matayala awo akale, mwina chizindikiro chimenechi achipeza.

Choyenera n'chakuti agule geji yawoyawo yopimira mpweya, azipima m'mawa asananyamuke, kamodzi pa sabata popeza galimoto yawo ndi ya ntchito, osaiwala tayala lapadera. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amafuna pakati pa 2.0 ndi 2.5 bar, kapena 30 mpaka 35 psi pa mageji ena, koma minibasi yonyamula anthu imafuna wochuluka kuposa pamenepo, makamaka kumbuyo, ndiye atsatire nambala ya galimoto yawo ya katundu wodzaza. Bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi, kapena 100 kPa. Asatenge nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala ngati muyeso wa tsiku ndi tsiku, chifukwa imeneyo ndi malire. Kumenya tayala ndi phazi kapena ndi chitsulo sikupima. Matayala a masiku ano amaoneka ofutukuka pang'ono pansi ngakhale ali bwino, ndipo amatha kutaya mpweya wambiri maso osaona kusiyana. Tayala labwinobwino lopanda bowo limaphwa lokha pang'ono, 1 kapena 2 psi pa mwezi, chifukwa mpweya umadutsa mu mphira. Akapeza kuti limodzi likutsika kuposa anzake, apake madzi a sopo pa valavu, m'mphepete mwa limu ndi popondera ponse. Akaona msomali asauzule mpaka atafika kwa omata. Ngati paulendo aona kuti matayala atentha kwambiri, aime pamthunzi apumitse galimoto, achepetse liwiro ndi katundu. Ayang'anenso zaka za tayala. M'mbali muli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, moti 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Matayala ogula ogwiritsidwa kale ntchito amatha kukhala ndi mapanga abwino koma mphira wake utakalamba.

Malo amodzi amene kuphwetsako mwadala kuli koyenera ndi mumchenga wakuya, monga podutsa mitsinje yophwa ya kuchigwa cha Luangwa m'chilimwe. Tayala lofewa limaponda malo aakulu ndipo silikumba. Oyendetsa magalimoto okoka mawilo onse anayi amatsitsa kufika pakati pa 1.2 ndi 1.5 bar, amayenda pang'onopang'ono osakhota mwadzidzidzi, chifukwa mpweya ukachepa kwambiri tayala limavuka pa limu. Akangotuluka mumchenga amapopanso. Amene alibe pampu m'galimoto asayambe n'komwe kuphwetsa.

Kumudzi ana anu adzamvanso mneniyu m'khola, ndipo kumeneko ndi nkhani ya maola ochepa. Ng'ombe imapanga mpweya wambiri m'chifu chake chachikulu ndipo imautulutsa pogeya tsiku lonse. Ikadya msipu wanthete wonyowa kumayambiriro kwa mvula, makamaka masamba a mbewu za mtundu wa nyemba, kapena ikaba gaga ndi chimanga chambiri, mpweyawo umasanduka thovu limene siligeyeka. Nthawi zina chimene chatseka njira ndi mango kapena chitsononkho chimene chaima pakhosi. Mbali ya kumanzere, pa kadzenje kamene kali kutsogolo kwa fupa la m'chiuno, imafufuma mpaka kulira ngati ng'oma mukaimenya, ndipo ng'ombe imapuma movutika chifukwa chifu chikupanikiza mapapo. Atumizireni uthenga alangizi a ziweto nthawi yomweyo. Podikira, ichotseni pa msipuwo, iimikeni miyendo yakutsogolo ili pamtunda, ndipo muiyendetse pang'onopang'ono. Ngati ikutha kumeza ndipo palibe chimene chaima pakhosi, imwetseni saladi wophikira, mamililita 250 mpaka 500 pa ng'ombe yaikulu, 50 mpaka 100 pa mbuzi, pang'onopang'ono kudzera m'mbali mwa kamwa, mutu osaukweza kwambiri ndiponso lilime osalikoka, kuti mafuta asalowe m'mapapo. Mafutawo amaswa thovu, ng'ombe imayamba kugeya, ndipo mimba imaphwa. Ngati dovu likungotuluka ndipo siikumeza, musaimwetse kanthu. Kulowetsa paipi kukhosi kapena kuboola pambali ndi chitsulo chake chapadera kuti aiphwetse ndi ntchito ya amene anaiphunzira, chifukwa mpeni wolowa malo olakwika umasiya bala limene limaola mkati.

M'kalasi, tengani mpira wa sukulu, pampu ndi singano yake. Nyowetsani singano musanailowetse kuti isang'ambe valavu. Mpira wa miyendo woyenera kusewerera umakhala ndi mpweya wa pakati pa 0.6 ndi 1.1 bar. Mwana mmodzi apope, wina alowetse singano yokha popanda pampu, ndipo ena alembe zimene akuona pa nthawi iliyonse: mpira ukuphwa, mpira waphwako, mpira waphweratu, mnzathu wauphwetsa, mpira waphwetsedwa, atiphwetsera mpira wathu. Kenako asinthe dzina kuti agwirizanitsi asinthe nawo: tayala laphwa, matayala aphwa, chubu chaphwa, njinga yaphwa, chitsime chaphwa, mkwiyo waphwa. Singanoyo mumupatse mwana amene anasekedwa uja, ndipo chiganizo choyamba pa bolodi alembe iyeyo.